Kodi kulumphalumpha kwa mitengo kungayezedwe?

Ana inu a ku Sharpevale, amayi akakutumani kumsika wa m'mbali mwa msewu wa M5, mumaona nokha kuti mulu wa tomato wa lero sufanana mtengo ndi wa sabata yatha. Chimanga nachonso chimatchipa mu Meyi anthu akakolola, kenako chimadula mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikayamba kuyera. Kodi kusakhazikika kumeneku kungayezedwe ndi masamu?

Eya, kungayezedwe. M'zaka za m'ma 1980, bambo wina wa ku America, John Bollinger, anakonza njira yojambula mizere itatu. Mzere wapakati ndi avereji ya mitengo ya masiku 20 apitawo. Wina umayenda pamwamba, wina pansi, ngati magombe awiri a mtsinje wa Bwanje. Mitengo ikakhala bata, magombewo amayandikana. Ikayamba kulumphalumpha, amatalikirana. Ndiye chinsinsi chonse chili pa kukula kwa mpata wa pakati pawo. Njirayi inakonzedwera ogula ndi kugulitsa masheya, ntchito yomwe kwathu kuno imachitikira ku Malawi Stock Exchange mumzinda wa Blantyre.

Masamu a Bollinger ndi ovutirapo, koma ife tingachite mofupikitsa. Tiyerekeze kuti m'masiku 20 mulu wa tomato sunatsike kupyola K450 ndipo sunakwere kupyola K550, avereji ndi K500. Mpata ndi K100. Gawani 100 ndi 500, mupeza 20 pa 100 iliyonse. Mwezi wina mtengo wayenda pakati pa K350 ndi K650, avereji ikadali K500. Tsopano mpata ndi K300, kapena kuti 60 pa 100. Avereji sinasinthe, koma amayi ogulitsa tomato sakugona tulo, chifukwa sakudziwa kuti dengu lawo libweretsa zingati mawa.

Kugawa ndi avereji n'kofunika kwambiri, chifukwa kumatilola kuyerekeza tomato wa mazana ochepa ndi thumba la chimanga la makwacha zikwizikwi.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Akatswiri aona kuti mpata ukachepa kwambiri, nthawi zambiri mtengo umadzasuntha mwamphamvu, koma mpatawo sunena ngati mtengowo ukwera kapena utsika.

Tengani kope, mulembe mtengo wa tomato kwa masiku 20, kenako mukaonetse aphunzitsi anu a masamu zomwe mwapeza.