Khofi Wozizira wa Fungo la Maluwa: Kapangidwe Kake Pakhomo

Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota adziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Mwera utaleka, dzuwa liswa mtengo kuyambira kuthamanda la Chia kufikira ku Dwangwa, ndipo mlendo akafika masana salakalaka tiyi wotentha. Tsono pali chakumwa china chimene mayi, kapena mphunzitsi wokhala yekha pasukulu, akhoza kukonza ndi zinthu za m'dziko lomwe lino. Chakumwacho ndi khofi wozizira wothiramo manyuchi a maluwa. Ntchito yake siivuta, koma pali zinthu ziwiri zofunika kusamala, ndizo madzi ndi mtundu wa maluwa, pakuti wolakwitsa pamenepo akhoza kudwalitsa banja lonse.

KUMENE KHOFI ACHOKERA

Khofi anafika m'dziko muno m'chaka cha 1878, pamene Jonathan Duncan, wosamala munda wa Mishoni ya Blantyre, anadza ndi mbande zochokera ku Edinburgh. Pambuyo pake John Buchanan anabzala khofi wambiri ku Zomba. Koma khofi wa mtundu wa Arabica, ndiye wolimidwa kwambiri kuno, sakonda dziko lotentha. Akula bwino kumapiri opitirira mamita 1,000, pamene gombe la Nkhotakota lili pafupi mamita 470 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Nchifukwa chake khofi womwedwa kunyanja atsika kuchokera kumapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, kumene alimi ang'onoang'ono agulitsa zokolola zawo kupyolera m'bungwe la Mzuzu Coffee. Ena alima khofi kumapiri a Ntchisi, pafupi pomwepa.

Mwa mitundu yolimidwa kumpoto muli wina wotchedwa Geisha, umene kwawo kwenikweni ndi ku Ethiopia. Akatswiri olawa khofi amautama chifukwa uli ndi kafungo ka maluwa mwachibadwa. Kotero kuphatikiza khofi ndi maluwa si chinthu chachilendo ayi. Ngakhale kumwa khofi wozizira nkwakale: m'chaka cha 1840 asilikali a ku France anali kumwa khofi wothira madzi ozizira pamalo otchedwa Mazagran ku Algeria, ndipo chakumwacho chinatenga dzina la malowo. Ku Morocco anthu amadonthezera m'khofi madzi a maluwa a lalanje.

MALUWA OYENERA NDI OSAYENERA

Maluwa odziwika bwino, opanda choopsa, alipo mitundu iwiri m'midzi ya kunyanja. Woyamba ndi chidede. Ambiri achidziwa ngati ndiwo zowawasa, koma timakoko take tofiira tija, totsala duwa litayoyoka, tikauma tipatsa chakumwa chofiira bwino. Wachiwiri ndi maluwa oyera a ndimu kapena a lalanje, amene fungo lake limveka patali madzulo. Mwini mtengo asaope kuti zipatso zichepa, pakuti maluwa ambiri a mitengo imeneyi amagwa okha osabala kanthu. Akhoza kuyala nsalu yoyera pansi pa mtengo madzulo ndi kutola ogwawo m'mawa.

Koma si duwa lililonse lonunkhira limene lili labwino m'mimba. Chitsamba chija cha maluwa oyera onga lipenga ndi zipatso zaminga, chomera pamadzala, ndi poizoni woopsa. Chizunguza mutu ndipo chikhoza kupha. Mitengo yokongoletsa pabwalo yotuluka mkaka ikathyoledwa isayandikire kumphika. Chomwechonso maluwa a fodya, a thonje, ndi onse opoperedwa mankhwala ophera tizilombo. Akulu anati safunsa anadya phula: wokayika duwa ayambe wafunsa mlangizi wa zaulimi, apo ayi alisiye.

KUPHIKA MANYUCHI

Mayi atenge kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi, aike pamoto, navundule kufikira shuga yense atasungunuka. Shuga sasowa kuno, popeza nzimbe zake zilimidwa ndi kugayidwa ku Dwangwa, m'boma lomwe lino. Chifukwa chophikira manyuchi nchakuti shuga sasungunuka msanga m'madzi ozizira. Amangokhala pansi pa kapu ngati mchenga.

Ngati ndi chidede, atsuke dzanja limodzi lodzaza la timakoko touma, athire m'madzi a shuga aja, nawiritse pamoto wochepa mphindi 10. Atatero asefe ndi kansalu koyera. Asasiye manyuchiwo m'sefuliya usiku wonse, chifukwa kuwawasa kwa chidede kumadya chitsulo ndi kuononga kukoma.

Ngati ndi maluwa a ndimu, njira yake nkosiyana. Fungo lake lithawa ndi nthunzi, kotero sayenera kuwiritsidwa. Mayi aphule mphika, athiremo maluwa otsuka odzaza dzanja limodzi, avundikire msanga, nadikire theka la ola asanasefe. Akachedwetsa kwambiri manyuchi ayamba kuwawa.

Manyuchi athiridwe m'botolo lotsukidwa ndi madzi otentha, lokhala ndi chotsekera. M'firiji akhala sabata ziwiri, koma popanda firiji, m'nyengo yotentha, ndi bwino kuphika okwanira masiku awiri kapena atatu okha. Akaoneka thovu kapena nkhungu pamwamba, atayidwe.

KUPHIKA KHOFI

Khofi womwa wozizira afunika kukhala wamphamvu kuwirikiza kawiri kuposa wa masiku onse, chifukwa madzi oundana akasungunuka amamsukulutsa. Pa kapu imodzi ya madzi pafunika masupuni aakulu awiri odzaza a khofi wopera. Madzi awire ndithu, kenaka aphulidwe ndi kupuma mphindi imodzi. Pamenepo athiremo khofi, avundule kamodzi, avundikire, nadikire mphindi 4 kapena 5. Khofi wowiritsidwa pamoto nthawi yaitali amawawa, ndipo kuwawako kumveka kwambiri akazizira. Atasefa ndi nsalu yoyera ndi kudikira kuti nthunzi ithe, amthire m'botolo ndi kutseka. Amene ali ndi khofi wa m'chitini wongosungunula, masupuni aang'ono awiri pa kapu akwanira.

KUZIZIRITSA

Nyumba zambiri zilibe firiji, koma mtsuko wadothi uchita ntchito yake. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timaenje ta dothi, ndipo pouma ndi mphepo amachotsa kutentha kwa m'kati. Botolo la khofi liimikidwe m'mtsuko wapadera wa madzi, pamthunzi popita mphepo, osati m'mtsuko wa madzi akumwa, kuti manja asalowemo. Njira ina ndi kukulunga botolo m'chiguduli chonyowa ndi kulipachika pakhonde. Khofi wophikidwa m'mawa adzakhala atazizira pofika masana.

CHENJEZO PA MADZI OUNDANA

Pano mpamene pali ngozi yaikulu. Anthu ambiri aganiza kuti madzi oundana, amene ena amati ayisi, ndi oyera chifukwa ndi ozizira. Zimenezi si zoona. Kuzizira sikupha tizilombo tonse toyambitsa matenda. Tina timangogona, ndipo tidzuka madziwo akasungunuka m'kapu. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'Malawi, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri.

Chifukwa chake madzi oundana othira m'chakumwa akhale opangidwa ndi madzi owiritsa, kapena othira klorini ndi kudikira mphindi 30. Zibuma zazikulu zimene ogula nsomba amasungira chambo sizili zomwa. Zakokedwa pansi ndi kugwiridwa ndi manja ambiri. Wosadziwa kumene madzi oundana achokera aziziritse nawo botolo kunja kokha, asawathire m'kapu. Madzi otungidwa m'nyanja kapena mumtsinje wa Bua asalowe m'chakumwa osawiritsa, ndipo wokonza asambe m'manja ndi sopo asanayambe.

KUSAKANIZA

M'tambula athire khofi wozizira kufika pakati, kenaka masupuni aakulu awiri a manyuchi, navundule. Aonjezere madzi oundana, kapena madzi owiritsa ozizira a mumtsuko, kufikira tambula itadzaza. Ndi bwino kuyamba ndi manyuchi ochepa ndi kulawa, chifukwa maluwa akachuluka khofi samvekanso.

Wokonda mkaka akumbukire ichi: mkaka ugwirizana ndi manyuchi a maluwa a ndimu, koma sugwirizana ndi chidede. Kuwawasa kwa chidede kumaudula mkaka nukhala mibulu ngati chambiko. Khofi wa chidede amwedwe wopanda mkaka. Ndipo mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uyambe wawiritsidwa, ndi kuthiridwa pa nthawi yakumwa pomwepo.

OYENERA KUSAMALA

M'khofi muli mphamvu yotchedwa kafini, imene ichotsa tulo ndi kufulumiza mtima. Ana asapatsidwe, iwo akhoza kumwa manyuchi a chidede osungunula m'madzi owiritsa. Mayi woyembekezera achepetse khofi, ndipo za chidede chambiri ayambe wafunsa kusikelo. Khofi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga mchere wa ayironi wopanga magazi, kotero wochepa magazi adikire ola limodzi kapena awiri atatha kudya. Odwala matenda a shuga apewe manyuchi.

Aphunzitsi akhoza kuonetsa ana asukulu kuzizira kwa mtsuko poyerekeza madzi a m'mtsuko ndi a m'ndowa yachitsulo, ndi kuwafotokozera za kuopsa kwa madzi oundana osadziwika, kuti anawo akauze makolo awo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Apite kwawo akuyamika chakumwa cha pakhomopo, ali ndi moyo wabwino.