Zida Zowongolera Wayilesi

Abale anga a pa migodi, pa katundu yense amene munthu amagula ndi ndalama za thukuta lake, wayilesi ndiyo imakondedwa kopambana, pakuti ndiyo imatichotsa mphwayi tikaweruka. Komatu mawayilesi ambiri amene amafa m'makomboni muno safa ndi ukalamba ayi. Amaphedwa ndi eni ake omwe, ndi kansonga ka mpeni. Tsono ndafuna kulongosola za zida zimene amisiri amawongolera nazo wayilesi, kuti tidziwe chifukwa chake ntchito imeneyi sigwirika ndi khutu lokha.

Mukatsegula kumbuyo kwa wayilesi ya mabatire mudzaona tizitini tating'ono ta ngodya zinayi, ndipo pamwamba pa kalikonse pali kamutu konga ka sikuluwu. M'mawayilesi ambiri opangidwa ku Japan timitu timeneti ndi ta mitundu inayi: kachikasu, koyera, kakuda ndi kofiira. Munthu wosadziwa akaona kuti tikutembenuka mosavuta amayesa kuti takhwefuka, namanga tonse mpaka pansi. Pomwepo wayilesi yatseka pakamwa. Timeneti si tomangira kanthu ayi. Ndi timitima tolowa m'kati mwa waya wopiringiza, ndipo pamene anatisiya a ku fakitale ndi pamene pali muyeso wake.

Nayi ntchito yake. Mawayilesi otere amatsata njira yotchedwa superheterodyne, imene Edwin Armstrong wa ku America anaikonza m'chaka cha 1918. Nyumba iliyonse youlutsira mawu ili ndi nambala yakeyake ya mafunde, koma wayilesi ikagwira mafundewo imawasandutsa onse kukhala a nambala imodzi. Pa medium wave ndi short wave nambalayo kawirikawiri ndi 455 kHz, ngakhale mawayilesi ambiri akale a ku Britain anali pa 465 kHz. Pa FM ndi 10.7 MHz. Tsono tizitini ta chikasu, koyera ndi kakuda tili ngati zipata zitatu za pa njira imodzi: zikayang'anizana bwino mawu amadutsa ndi mphamvu, koma chimodzi chikapotoka mawu amatuluka ofooka. Kofiira ndiko kamachititsa kuti siteshoni ipezeke pa nambala yomwe yalembedwa pa galasi la kutsogolo.

Ine ndine kalaliki chabe, ndipo sukulu yanga inathera ku mishoni, koma Loweruka masana ndimakonda kukakhala kwa bambo wina wachikulire wokonza mawayilesi m'lokeshoni mwathu. Pa tebulo lawo ndinaonapo zida zitatu zimene salola kuti zisowe.

Choyamba ndi signal generator. Ili ndi bokosi lokhala ngati kanyumba koulutsira mawu ka pa tebulo. Mmisiri akaliika pa 455 kHz limatulutsa mafunde a nambala yomweyo, osapitirira, osaperewera, pamodzi ndi kaliwu kamodzi kolira ngati mluzu, ka 400 Hz kapena 1,000 Hz.

Chachiwiri ndi mita yoyesera mphamvu ya magetsi, imene amailumikiza ku mawaya awiri a sipikala. Bambowa amakonda ya singano kuposa ya manambala, chifukwa singano imaoneka bwino pamene ikukwera ndi pamene yayamba kubwerera.

Chachitatu ndi kamtengo kotembenuzira, ka pulasitiki. Chitsulo sichifunika pamenepa pa zifukwa ziwiri. Chikayandikira waya wopiringiza uja chimasintha muyeso, ndipo ukachichotsa zonse zapotokanso. Ndiponso timitima tija ndi ta ferrite, chinthu chosachedwa kusweka ngati phale. Kakasweka m'kati sikatembenukanso.

Pogwira ntchito amayambira pa kachitini kotsiriza, kakuda kaja, nabwerera m'mbuyo kufikira ka chikasu, kutembenuza pang'onopang'ono mpaka singano ifike pamwamba penipeni. Akatha apo amaika bokosi lija pa 600 kHz, ndi wayilesi pa 600, nawongola kofiira. Kenaka amapita cha ku 1,400 kHz nawongola tisikuluwu tating'ono ta pa chosankhira masiteshoni. Amabwereza kawiri kapena katatu, pakuti ukakhudza mbali ina, inzake imasuntha pang'ono.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti nthawi yonseyi amachepetsa mphamvu ya bokosilo mpaka mluzu umveke patalitali. Anandifotokozera kuti wayilesi ili ndi mbali ina imene imadzichepetsera yokha mphamvu mafunde akakula, nidziwonjezera akachepa. Ukaipatsa mafunde amphamvu imabisa cholakwa chake, ndipo singano siyenda. Apa ndipo pamalephera iwo owongola ndi khutu pomvera nyimbo. Nyimbo imakwera ndi kutsika, mafunde a short wave amabwera ndi kupita, chotero sungadziwe ngati kusinthako kwachokera ku dzanja lako kapena ku mphepo.

Luso limeneli si la lero ayi. Wayilesi ya Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready inayamba kutumiza ku Northern Rhodesia m'chaka cha 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo agogo athu ankamverapo Chinyanja chochokera ku Lusaka, inkatsata njira yomweyi ya Armstrong. Koma chenjerani ndi mawayilesi akale a mavavu olumikiza ku magetsi a m'nyumba. M'kati mwake mumayenda mphamvu yoposa mavoti 200, yokwanira kupha munthu.

Tsono langizo langa ndi ili. Wayilesi ikafooka, yambani mwaona mabatire, mlongoti ndi dzimbiri la pa zitsulo zogwira mabatire, pakuti matenda ambiri ali pamenepo. Muyeso wa tizitini sutayika wamba ngati munthu sanatikhudze. Zikakanika, pitani nayo kwa mmisiri, ndipo musachite manyazi kumufunsa ngati ali nayo signal generator. Ngati munatembenuzako kale timitu tija, muuzeni zoona, kuti asataye tsiku lonse kufuna nthenda pamene palibe. Dziwaninso kuti mawayilesi ambiri atsopano alibe tizitini timeneti, chifukwa ntchito yonse imagwiridwa ndi kachipangizo kamodzi kakuda. Wina akakulipiritsani kuti wawongola tizitini m'wayilesi yotere, muuzeni atsegule akuonetseni.

Ndalama za pa mgodi n'zowawa, abale, ndipo kumudzi akudikira kuti wayilesiyo ikafike ili kuyankhula. Mpeni ukhale wa nyama, wayilesi ipite kwa wodziwa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.