NSIMA IKAYAMBA KUKANA KUMEZEKA

Pakati pa nthenda zimene zikupha anthu ambiri m'Malaŵi muno pali khansa ya kum'mero. Chiŵerengero cha mu 2020 cha bungwe loona za umoyo pa dziko lonse chidaika Malaŵi m'gulu la maiko amene nthendayi idafala koposa. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mu Lilongwe, odwala ambiri amafika nthenda itakula kale.

Khansa imeneyi ndi chotupa chomera m'njira ya chakudya, yochokera kukhosi kukafika m'mimba. Poyamba sichipweteka. Munthu amangoona kuti nyama kapena mbamu ya nsima ikuima pachifuwa, ndipo amaitsitsa ndi madzi. Pakapita miyezi amasiya nsima n'kuyamba phala. Kenaka phalalo nalo limakana, mpaka madzi ndi malovu omwe. Thupi limatha msanga.

Njira ya chakudya imatamuka, choncho pamene nsima yayamba kuima, chotupacho chimakhala chitatseka kale mbali yaikulu. Apa m'pamene wodwala sayenera kutaya ngakhale sabata imodzi. Koma ambiri amayamba adikira kunyumba, ena amapita kwa asing'anga poganiza kuti adadyetsedwa, pamene ena amangogula mankhwala a chilungulira ku golosale.

Munthu aliyense, makamaka wopitirira zaka 40, amene akuvutika kumeza, akuwonda popanda chifukwa, akusanza magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda bii, apite ku chipatala chapafupi msanga. Pofotokoza asangonena kuti m'mimba mukupweteka ayi. Anene momveka kuti chakudya chikuima, ndiponso atchule mwezi umene vutoli lidayamba. Akapatsidwa kalata yomutumiza ku chipatala cha boma, monga cha Bwaila ku Old Town, kapena ku Kamuzu Central, asaisunge m'thumba kudikira kuti ayambe wakolola.

Ku Kamuzu Central madotolo amaloŵetsa kapaipi kofeŵa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa, ndipo amaona chotupacho ndi maso. Ntchitoyi ndi ya mphindi zoŵerengeka, wodwala amangofunika kufika asanadye. Amatapako kamnofu kakang'ono kukapima, ndipo m'pofunika kubwerera pa tsiku louzidwa kudzamva zotsatira.

Nthendayi ikapezeka msanga, opaleshoni, mankhwala a khansa ndi chithandizo chootcha chotupa ndi cheza champhamvu zingathe kutalikitsa moyo, mwinanso kuchiza kumene. Ikapezeka mochedwa, chotsala ndi kuika kapaipi kotsekula njira kuti wodwala azimeza, ndi kum'patsa mankhwala ochepetsa ululu.

Fodya, kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera, ndi chizoloŵezi chomwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri zimaonjezera chiopsezo. Ndi bwino kudikira kuti chakumwa chizizireko.

Akuluakulu adati m'mera m'poyamba. Mayi kapena mwana amene waona kuti bambo ayamba kusiya nsima m'mbale n'kumapempha phala, awaperekeze ku chipatala sabata yomweyo.