Chakudya Chochinjiriza Mapapo

Tiwadziwa tonse anthu a chifuwa chosatha: atsokomola chaka ndi chaka, ndipo akakwera kachitunda pang'ono, phuma lawagwira. Choononga mapapo koposa ndicho utsi, wa fodya ndi wa nkhuni zophikira m'nyumba yopanda zenera. Ena chifuwa chachikulu chawasiyira zipsera m'mapapo, angakhale anachira. Koma chakudyanso chiri ndi mbali yache pa mabvuto amenewa.

M'chaka cha 1882 Robert Koch wa ku Germany anapeza kachirombo ka chifuwa chachikulu. Anthu ambiri ali nako m'thupi osadwala konse, popeza thupi lodya bwino likatsekereza. Koma likafooka ndi njala, kachirombo kadzuka.

Umboni wache unaoneka ku Jharkhand, m'dziko la India, ndipo unalengezedwa mu 2023. Madokotala anatsata abale oposa 10,000 okhala nyumba imodzi ndi odwala chifuwa chachikulu. Ena a iwo anapatsidwa mwezi uli wonse makilogalamu 5 a mpunga, kilogalamu ndi theka la nandolo, ndi mavitamini, ena sanapatsidwe. Pakati pa olandira chakudyawo, ogwidwa ndi nthendayi m'mapapo anachepa pafupifupi ndi theka.

Madokotala aonanso kuti mwa anthu akudya masamba, zipatso ndi nsomba kawirikawiri, chifuwa chotsekereza mpweya sichichuluka monga mwa iwo okonda masoseji ndi nyama zina zosungidwa ndi mchere.

Nanga ife titani? Zonsezi Mulungu anatipatsa pakhomo: nyemba, nandolo, nsinjiro, bonongwe, nkhwani, usipa, mapapaya ndi magwafa. Chotimvetsa chisoni nchakuti atate ambiri agulitsa mtedza ndi nyemba zonse pa nthawi yokolola, amai natengera mazira kumsika, ana natsala ndi nsima ya ndiwo zochepa. Ndalama imeneyo idzathera pa ulendo wa kuchipatala.

Tsono, atate, yambani mwapatula za banja, ndipo mugulitse zotsala. Amai, phikirani pamalo popita mphepo. Wotsokomola masabata awiri apite kukayezedwa, pakuti chakudya sichilowa m'malo mwa mankhwala, amene amwedwa miyezi 6 osadukiza. Ndipo pakadwala wina m'mudzi, Akristu tisonkhe nyemba ndi ufa zokwanira nyumba yache yonse, pakuti kudyetsa anjala ndiyo yoyamba mwa nchito zachifundo.