Wakufa m'Ngolo ndi Mapaundi 50

 Madzulo ano tikambe za buku lina la mirandu, ndi za mwini wace amene sanadye phindu lace.

Dzina la bukuli ndi The Mystery of a Hansom Cab. Hansom cab inali ngolo ya mawilo awiri yokokedwa ndi kavalo mmodzi, yonyamula anthu ndi malipiro, monga acitira matekisi a pakati pa Chipata ndi Mwami lero. Nkhani yace iyamba usiku mu mzinda wa Melbourne, ku Australia. Munthu woledzera akwezedwa m'ngolo, mnzace akwera naye, natsika panjira. Pofika, woyendetsa apeza kuti wokwerayo wafa, ndipo pakamwa pace pali kansaru ka mankhwala ogonetsa. Wapolisi Gorby agwira mnyamata Brian Fitzgerald, koma kodi ndiye anapha? Ine sindiulula ai.

Wolemba anali Fergus Hume, kalaliki wa loya. Iye anafuna kulemba masewero, koma eni nyumba za masewero sanamsamale. Tsono anafunsa wogulitsa mabuku kuti anthu akonda ciani. Atamva kuti akonda nkhani za apolisi za Mfalansa Gaboriau, anaziwerenga, nayendayenda usiku m'makwalala a amphawi kuti aone ndi maso zimene adzalemba.

Osindikiza anakana bukulo, poyesa kuti munthu wa ku Australia sangathe kulemba kanthu kabwino. Comweco m'caka ca 1886 analisindikiza ndi ndarama zace, ndipo mabuku 5,000 oyamba anatha m'masabata owerengeka.

Apa ndipo pali cisoni. Hume anagulitsa umwini wa bukulo pa mapaundi 50 okha. Ogulawo analisindikiza ku London mu 1887, nagulitsa mabuku oposa 300,000, ndipo pa onsewo mwini nkhani sanalandirenso ngakhale kobiri. Kumeneku ndiko kugulitsa ng'ombe ya bere pa mtengo wa nkhuku. Caka comweco Conan Doyle anaturutsa nkhani yace yoyamba ya Sherlock Holmes, imene anaigulitsa pa mapaundi 25, koma panthawiyo inaposedwa kutali ndi ya Hume.

Hume anasamukira ku Mangalande mu 1888, nalemba mabuku ena oposa 100. Palibe limodzi linamveka monga loyamba lija. Anamwalira mu 1932, alibe cuma.