Ku Nyika, Kumene Cikanda Cimacita Maluwa

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife a m'makomboni a Lusaka takhala tikumva za mapiri a Nyika kucokera pa ubwana, pamene aphunzitsi a ku mishoni anali kutilozera pa mapu ndi ndodo. Mu February 2025 tinati tikadzionere tokha. Tinali anthu 12 ocokera ku Matero, George ndi Kanyama, ndipo ndalama ya ulendo tinaisonkha m'cilimba caka cathunthu.

Njira yake ndi yaitali. Tinatsata mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata. Tinalowa m'Malawi pa Mwami, ndipo tinadzera ku Kasungu, Mzuzu ndi Rumphi. Mwina mudzafunsa cifukwa cace tinatuluka m'dziko pofuna kukaona nkhalango ya dziko lathu lomwe. Nyika ili pa malire. Mbali yaikulu, yoposa masikweya kilomita 3,000, ndi ya Malawi; ya Zambia ndi yaing'ono, masikweya kilomita 80 cabe, ndipo mseu wokafika kumeneko umalowera pa cipata ca Thazima m'Malawi.

Titakwera, mitengo ya msuku ndi mombo inatsala m'mbuyo. Patsogolo pathu panayalika zitunda za udzu wobiriwira, cina kuseri kwa cinzace, mpaka kumene maso amalekeza. Malowa ali pa mamita oposa 2,000, pamene Lusaka ili pafupi ndi 1,300, ndipo nsonga ya Nganda imapyola 2,600. Mphepo yace imalasa m'mafupa. Munthu wozolowera kuona cipupa ca mnansi wace akangotsegula citseko amasowa conena pamalo otere. Tinaona mbidzi, nchefu, mphoyo ndi cilembwe zikudya udzu poyera. Ku mbali ya Zambia tinalowa m'nkhalango ya Chowo, ya mitengo yaitali yakalekale, momwe dzuwa silifika pansi ngakhale masana.

Koma cimene tinabwera naco m'mitima si nyama ai. Mnyamata wotiperekeza anagwada pa dambo natisonyeza duwa lofiirira, lokongola ngati losokedwa ndi singano. Anati mu Nyika muli mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja limeneli, ndipo amamasula m'nyengo ya mvula. Kenaka anafunsa ngati tikulidziwa. Tonse tinapukusa mitu.

"Ici ndi cikanda," anatero. "Kuno timati cinaka."

Pakati pathu panali mai wina wamasiye wa ku Kanyama amene wagulitsa cikanda pa msika zaka zoposa 20. Amagula timizu touma ku msika wa Soweto, kutisinja, kutiphika pamodzi ndi nshawa zosinja, soda, mcere ndi mphiripiri, ndipo ndalama yace ndiyo yaphunzitsa ana ace ndi adzukulu. Koma duwa lace anali asanalionepo.

"Mwana wanga," anafunsa, "kodi akakumba, cimaphukanso?"

"Iai Amai, akacotsa kamuzu kamoyo ndiye kuti duwalo latha. Akakumba lisanabale njere, caka camawa pamalopo sipamera kanthu."

Amaiwo anakhala cete nthawi yaitali. Ifenso tinalibe mau, pakuti ndani wa ife sanagulepo kacidutswa ka cikanda pa siteshoni ya basi?

Kale cikanda cinali cakudya ca kumudzi kwa Abemba ndi anansi ao, cokumbidwa pang'onopang'ono. Tsopano cikudyedwa m'tauni monse, m'maukwati ndi m'mahotela momwe. M'madambo ambiri a Zambia cacepa, kotero amalonda amakacitenga ku Tanzania, Malawi ndi maiko ena ozungulira. Ku Tanzania boma linateteza mapiri a Kitulo mu 2005, makamaka cifukwa ca maluwa omwewa. Ku Nyika kukumba ndi mlandu, komabe anthu amalowa mobisa.

Sitingaweruze msanga anthu amenewa. Pamene Malawi inakuza malire a nkhalangoyi mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa pa nthaka ya makolo ao, ndipo ena mwa okumba lero ndi amai osauka ngati mnzathu wa ku Kanyama. Njala ya kumapiri ndi njala ya m'komboni zagwirana manja, ndipo duwa ndilo likulipira. Papa Francis, m'kalata yace ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa amphawi sitingakulekanitse. Pa dambo lija tinacimvetsa bwino ciphunzitsoci.

Ciyembekezo cilipo. Mu 2015 Zambia ndi Malawi anasainirana pangano losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, Nyika ili momwemo. Akatswiri a Copperbelt University pamodzi ndi a ku Kew ku England anayesanso njira zobzala cikanda kuti ciziweteka ngati mbeu ya m'munda. Nafenso tili ndi gawo: kufunsa kumene cikanda cathu cacokera, ndi kukumbutsa abale a kumudzi kuti adikire maluwa awaze njere, asiyeko zina m'nthaka.

Amene mufuna kupita, tengani pasipoti, majuzi ndi mabulangete, cakudya cokwanira ndi motoka yolimba, pakuti mseu umaterera m'dzinja. Mafuta thirani ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Malo ogona ali ku Chelinda.

Mnzathu uja akugulitsabe cikanda, ndipo palibe wa ife angamuletse, popeza ana ayenera kudya. Koma pa thebulo lace pali cithunzi ca duwa lija, ndipo wogula aliyense akafunsa, amamufotokozera.