TV yotambalala kapena yakale: zoyenera kudziwa wogula asanatulutse ndalama

Pamene magetsi akufika m'misika ya kumidzi kudzera mu pulogalamu ya MAREP, ndipo mabanja ambiri akugula sola, wailesi ya kanema yakhala chimodzi mwa zinthu zomwe anthu amathamangira akagulitsa zokolola. Pamsika pamapezeka mitundu iwiri. Pali TV yakale, yotukuka kumbuyo, imene nthawi zambiri imakhala yogwiritsidwapo kale ntchito. Palinso yamakono, yopyapyala, ya sikirini yotambalala m'mbali. Yakaleyo ndi yotsika mtengo, koma wogula ayenera kudziwa chimene akutaya akaisankha.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kapangidwe ka sikirini, komwe amakalemba ndi manambala 4:3 kapena 16:9. Sikirini ya 4:3 ikakhala ya masentimita 30 kuchoka pansi kufika pamwamba, m'mbali imatambalala masentimita 40. Ya 16:9 ya msinkhu womwewo imatambalala pafupifupi masentimita 53.

Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, mapulogalamu ankajambulidwa mwa 4:3. Lero mpira, mafilimu ndi mapulogalamu ambiri atsopano amajambulidwa mwa 16:9. Chithunzi chotambalala chotere chikafika pa TV yakale, chimodzi mwa zinthu zitatu chimachitika. China n'chakuti pamwamba ndi pansi pamabwera mizere yakuda, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a sikirini limangokhala osagwira ntchito. China n'chakuti chithunzi chimadulidwa m'mbali, moti zigoli zolembedwa pakona ndi mawu ena oyenda pansi saoneka onse. Apo ayi, chithunzicho chimapanikizika ndipo anthu amaoneka owonda ndi aatali mosayenera. Kwa mwini nyumba yoonetsera mpira, amene anthu amalipira pakhomo, vutoli likhoza kuthamangitsa makasitomala.

Komabe wogula TV yotambalala ayenera kusamala ndi mainchesi. Kukula kwa TV amakuyeza mopingasa, kuchokera pakona ina ya sikirini kufika pakona yoyang'anizana nayo. Choncho ma TV awiri a mainchesi ofanana sakhala a msinkhu wofanana. Yakale ya mainchesi 21 imakhala ya msinkhu wa pafupifupi masentimita 32, pamene yotambalala ya mainchesi 21 omwewo imangofika masentimita 26. Banja lomwe linazolowera yakale ya mainchesi 21 liyenera kufuna yotambalala ya mainchesi 26 kapena kuposerapo kuti nkhope za anthu zisachepe. Ya mainchesi 32, imene imapezeka kwambiri m'masitolo, ndi ya msinkhu wa pafupifupi masentimita 40 ndipo imatambalala masentimita 71, kotero ndi bwino kuyeza malo oikapo wogula asanapite kumsika.

Magetsi nawo ndi ofunika kuwaganizira. TV yamakono ya LED imadya magetsi ochepa poyerekeza ndi yakale ya kukula kofanana, zomwe zimathandiza pa mayunitsi a ESCOM ndiponso pa batire ya sola. Yakale ilibenso polowetsera chingwe cha HDMI, ndipo siingalandire mapulogalamu a dijito popanda dekoda monga ya Kiliye Kiliye.

Izi sizikutanthauza kuti amene ali ndi TV yakale yogwira bwino ntchito aitaye. Angathe kulowa m'makonzedwe a dekoda n'kusankha 4:3 Letterbox kuti chithunzi chonse chioneke, ngakhale chichepe pang'ono. Mwini TV yotambalala asankhe 16:9 pa dekoda ndi pa TV pomwe. Mavidiyo akale a kwaya kapena a ukwati akamabwera ndi mizere yakuda m'mbali, TV siinaonongeke: anajambulidwa mwa 4:3, ndipo kuwakoka kuti adzaze sikirini kumangofufumitsa nkhope.

Kwa amene akugula koyamba, yotambalala ndiyo yogwirizana ndi zomwe zikuulutsidwa masiku ano. Wogula apemphe kuti TV iyatsidwe ali pomwepo, aone ngati mawu olembedwa m'makona akuoneka onse, ndipo asachoke popanda lisiti ndi chikalata chosonyeza nthawi yomwe angaibweze ikavuta.